Njinga ya mpikisano ikundipweteka: ndipirire kapena ndiigulitse?

Funso

Ndimakhala ku Area 25. Masabata atatu apitawo ndinagula njinga ya mpikisano yakaunjika, ya felemu ya aluminiyamu, saizi 56, matayala owonda a 700x23. Ndine wamtali masentimita 172 ndipo ndimalemera makilogalamu 74. Kale ndinkayendera mountain bike popita kuntchito ku Kanengo ndipo sinkandivuta. Koma iyi ndikangopalasa mphindi 40 kulowera ku Lumbadzi, matako amawawa, khosi limauma, zala ziwiri zakumapeto za dzanja lamanzere zimachita dzanzi, ndipo bondo lamanja likuwawa chakutsogolo. Chishalo ndinachitsitsa kuti mapazi azifika pansi ndikaima, ndinachikankhira kutsogolo chifukwa handulo ili kutali, mphuno yake ndinaiweramitsa pang'ono. Anzanga akuti ndingopirira, ndizolowera. Ndikufuna kukafika ku Salima pa Tsiku la Anakubala mu Okutobala. Kodi ndigule chishalo chasiponji, ndipirire, kapena ndiigulitse?

Yankho

Achimwene, pa zowawa zinayi mwatchulazi, chomwe chimatha ndi kuzolowera ndi chimodzi chokha: matako. Ndipo si kuwawa kulikonse kwa matako, koma kokhako komwe kumamveka pa mafupa awiri okhalira aja. Kumeneko kumachepa pakatha masabata awiri kapena atatu ngati mukupalasa katatu pa sabata. Khosi limapepukako minofu ikalimba, koma silisiya kuuma ngati handulo ili kutali. Dzanzi la zala ndi ululu wa bondo sizizolowereka. Mukazipirira zimakula.

Musapse nane mtima, koma mavuto ambiri abwera ndi zinthu zitatu zomwe munasintha zija. Mutatsitsa chishalo, bondo linayamba kupindika kwambiri pedulo ikafika pamwamba, pomwe mumayambira kuponda, ndipo katundu yense akugwera kuseri kwa fupa lakutsogolo kwa bondo. Mutachikankhira kutsogolo, thupi linasiya kukhazikika pa chishalo n'kuyedzamira pa manja. Mutaweramitsa mphuno, munayamba kutsetserekera kutsogolo, ndiye ulendo wonse mikono ikugwira ntchito yokukankhirani m'mbuyo inu osadziwa. Zala, mapewa ndi khosi zikulipira pamenepo. Tiyamba ndi kubweza zitatuzi, handulo tiigwira pambuyo pake, ndipo chishalo chatsopano chikhale chomaliza kuganizira.

Pezani ma Allen key (tizitsulo topindika tomasulira mabawuti okhala ndi dzenje pamutu) a mamilimita 4, 5 ndi 6, tepi yoyezera, buku lachikuto cholimba, chingwe chomangirira nati kumapeto, tepi yamagetsi, ndi munthu wokugwirirani njinga. Musanamasule bawuti iliyonse lembani miyeso itatu: kuchoka pakati pa bawuti yomwe mikono ya mapedulo imazungulirapo kufika pamwamba pa chishalo, kuchoka pa nsonga ya mphuno ya chishalo kufika pakati pa handulo, ndi kusiyana kwa kutalika kwa chishalo ndi handulo, chilichonse mutachiyeza kuchokera pansi. Popanda manambala amenewa, mukasintha n'kupeza kuti zaipiraipira simudziwa kobwerera.

Kutalika kwa chishalo

Imani chotsamira khoma opanda nsapato, mapazi atatalikirana ngati masentimita 15. Lowetsani buku lija pakati pa miyendo, msana wake uli m'mwamba, ndipo likokereni m'mwamba mwamphamvu monga momwe chishalo chimakhalira mukachikhalira. Mnzanu aike chizindikiro pakhoma pomwe pathera bukulo, ayeze kuchokera pansi. Nambala imeneyo muichulukitse ndi 0.883. Njirayi anaitchukitsa ndi Greg LeMond wa ku America, yemwe anapambana mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France mu 1986, 1989 ndi 1990. Tinene kuti mwapeza masentimita 80: chishalo chikhale pa masentimita 70.6, kuyeza kuchokera pakati pa bawuti ya mikono ya mapedulo, kutsata paipi ya felemu, kufika pamwamba pakatikati pa chishalo.

Nambalayi ndi poyambira chabe, chifukwa siidziwa kutalika kwa phazi lanu kapena kukhuthala kwa nsapato zanu. Itsimikizeni ndi chidendene. Kwerani mnzanu atagwira njinga, ikani zidendene pa mapedulo, palasani chobwerera m'mbuyo. Pedulo ikafika pansi penipeni mwendo uwongoke, koma chiuno chisapendekeke pofuna kuifikira. Kenako mukaponda ndi kutsogolo kwa phazi monga mwa masiku onse, bondo lizitsala lopindika pang'ono, madigiri pakati pa 25 ndi 35. Mnzanu akujambuleni kanema ndi foni cham'mbali, foniyo ili pa msinkhu wa chiuno, muimitse pomwe pedulo ili pansi, muone nokha.

Bondo limanena lokha komwe mwalakwitsa. Likamawawa kutsogolo, kawirikawiri chishalo chatsika kapena chapita kutsogolo kwambiri. Likamawawa kuseri, kapena mukumva kukoka kumbuyo kwa ntchafu ndi pamwamba pa chidendene, chakwera mopitirira. Wina akamakutsatirani n'kuona chiuno chikugwedezekera uku ndi uku, chakweranso, ndipo kugwedezeka kumeneko n'komwe kumasupula mphechepeche.

Ngati mwapeza kuti muli pansi ndi masentimita atatu kapena anayi, musakweze onse tsiku limodzi. Kwezani sentimita imodzi, palasani maulendo awiri, kwezaninso. Mukatsala pafupi muzisuntha mamilimita atatu mpaka asanu basi. Mukafika pabwino zengani tepi yamagetsi pa paipi ya chishalo, pomwe yalowera mu felemu, kuti ikamatsika yokha muziona.

Za mapazi kufika pansi, iwalani. Pa njinga yotere, mukakhala pa chishalo pansi pamafika nsonga ya zala basi. Mukamaima pa maloboti, gwirani mabuleki, tsikani pa chishalo chakutsogolo, pondani pansi ndi phazi lamanzere, mbali yomwe kulibe magalimoto, lamanja likhale pa pedulo yokwezeka kudikira kunyamuka. Masiku awiri oyeserera pabwalo akwanira.

Paipi ya chishalo ili ndi mzere wosonyeza pomwe siyenera kutulukira. Mzerewo ukaonekera kunja, felemu imatha kung'aluka pakamwa pake. Ipakeni girisi pang'ono musanaibwezeretse. Pa njinga zakaunjika paipiyi imapezeka itagwirana ndi felemu. Thirani mafuta omasulira dzimbiri, isiyeni usiku wonse, muipotoze pang'onopang'ono mutagwira chishalo. Musalole makaniko aimenye ndi hamala kapena kuwotcha felemu ya aluminiyamu ndi moto wa owotcherera.

Kupendekeka ndi malo a chishalo

Imikani njinga pa simenti yosalala, goneketsani buku pamwamba pa chishalo kuchoka kumbuyo kufika kumphuno, ikanipo levulo ya amisiri omanga kapena foni yomwe ili ndi levulo. Chishalo chikhale chosapendekeka. Ngati mphuno ikukudinani pakati, iweramitseni digiri imodzi kapena awiri, osapitirira. Paipi ya mabawuti awiri imalola kusintha pang'onopang'ono: mumamasula ina n'kumanga inzake. Ya bawuti imodzi nthawi zambiri ili ndi timano, ndipo imadumpha kuchoka pa dzino ili kupita pa linalo. Zikatero sankhani dzino lomwe lili pafupi ndi levulo.

Tsopano kutsogolo ndi kumbuyo. Khalani pa chishalo, mapedulo akhale pa mzere umodzi, ina kutsogolo ina kumbuyo. Mnzanu agwire chingwe cha nati pa kafupa kotukuka kam'munsi mwa bondo la mwendo wakutsogolowo. Chingwecho chigwere pa chitsulo chomwe pedulo imazungulirapo, kapena kumbuyo kwake pang'ono, osaposa sentimita imodzi. Kwa inu ndikukhulupirira chigwera kutsogolo ndithu. Bwezani chishalo m'mbuyo, osapitirira mizere yolembedwa pa mawaya ake apansi. Dziwaninso kuti mukachibweza ndi sentimita imodzi, mtunda wa ku pedulo umakula ndi mamilimita pafupifupi atatu, choncho yezaninso kutalika.

Chingwe ndi chongoyandikizira. Chomwe ine ndimachidalira kwambiri ndi ichi: pa msewu wopanda magalimoto, monga ya ku City Centre Lamlungu m'mawa, palasani pa giya yolemerako pang'ono, mutaweramira pa handulo monga mwa masiku onse, kenako pepukitsani manja ngati mukufuna kuwachotsa. Mukatha kukhala choncho masekondi angapo osagwera kutsogolo, thupi lakhazikika pa chishalo. Mukagwera pa handulo nthawi yomweyo, chishalo chikadali kutsogolo kapena mphuno ikadali yowerama.

Chishalo amachiikira miyendo. Handulo ikatalikira, timasuntha handuloyo, osati chishalo.

Felemu ya 56 ndi handulo

Munthu wa masentimita 172 kawirikawiri amakwera felemu ya saizi 52 kapena 54. Makampani amayeza mosiyana, koma 56 imakwanira bwino anthu otalikirapo kuposa inu. Ndiye njingayi yakukulirani pang'ono, ndipo mukabweza chishalo m'mbuyo handulo italikira kuposa kale. Apo musadabwe. Funso n'lakuti kodi tingaibweretse pafupi mokwanira.

Yambani ndi zosafuna ndalama. Kachitsulo kolumikiza handulo ku foloko, stem, kamakhala kopendekeka madigiri 6 kapena 7, ndipo kamatembenuzika. Ngati pano kagona, katembenuzeni kaloze m'mwamba: pa stem ya mamilimita 100, handulo ikwera ndi masentimita pafupifupi awiri. Onaninso timphete tomwe timakhala pa paipi ya foloko. Ngati tina tili pamwamba pa stem, tibwezeni pansi pake. Popeza paipi ya foloko imapendekekera kumbuyo, kukweza ndi timphete ta masentimita awiri kumabweretsanso handulo kwa inu ndi mamilimita ngati asanu ndi limodzi. Kwa woyamba kumene, pamwamba pa handulo pakhale potsika ndi masentimita awiri mpaka asanu poyerekeza ndi chishalo. Zotsika ndi masentimita khumi mumaziona pa TV zija ndi za anthu omwe akhala pa njinga zaka zambiri.

Pomanganso pali ndondomeko, ndipo ambiri amailakwitsa. Bawuti ya pa chivindikiro chomwe chili pamwamba pa paipi ya foloko si yogwira stem, ntchito yake ndi kukoka ma bearing a foloko kuti asagwedere. Imangeni poyamba, mabawuti am'mbali mwa stem ali omasuka, ndipo muimange pang'ono chabe. Gwirani buleki yakutsogolo, gwedezani njinga kutsogolo ndi kumbuyo: mukamva kugogoda onjezerani pang'ono, handulo ikamalimba potembenuka mwapitiriza. Nsonga ya paipi ya foloko ikhale pansi ndi mamilimita awiri kapena atatu poyerekeza ndi pamwamba pa stem kapena kamphete komaliza, apo ayi chivindikiro chimangokhala pa paipiyo osakoka kanthu. Mukatero wongolani stem ndi tayala, ndipo mangani am'mbali aja. Mabawuti anayi akutsogolo ogwira handulo mangani modumphanitsa, wapamwamba kumanzere kenako wapansi kumanja, mpata wapamwamba ndi wapansi ufanane pokhapokha ngati stem yalembedwa zina. Pa stem zambiri palembedwa 5 Nm, muyeso wa mphamvu yomangira bawuti, kapena pafupi ndi apo. Ndi mphamvu yochepa. Ngati mulibe sipanala yoyezera, gwirani Allen key kumbali yake yaifupi, musaonjezere paipi. Pomaliza tembenuzani handulo mbali zonse muone ngati mawaya a mabuleki ndi a magiya sakukokeka.

Zikapanda kukwanira, sinthani stem. Utali wake umalembedwa pansi pake, kapena yezani kuchoka pakati pa paipi ya foloko kufika pakati pa handulo. Pa 56 mupeza 100 kapena 110. Funani ya 90 kapena 80. Musanagule yezani kunenepa kwa handulo pomwe stem imagwira: zatsopano ndi mamilimita 31.8, zakale 26.0 kapena 25.4, ndipo sizilowana. Kumangira ndi zidutswa za chitini kapena chubu kuti zikwane ndi kusewera ndi mano anu. Stem yofupika kuposa 70 imachititsa njinga kukhota msanga mukangogwedeza dzanja, zomwe simungazifune pa mtsetse.

Mudziwa kuti zakwana mukagwira pa mitu ya mabuleki yokutidwa ndi labala ija, ma hoods, zigongono zili zopindika pang'ono, mapewa ali pansi osati m'makutu, msana utawerama ngati madigiri 45. Mukapeza kuti ulendo wonse manja amathawira pakati pa handulo chifukwa ma hoods ali kutali, sizinakwane.

Zala ndi khosi

Zala ziwiri zakumapetozo zimayendetsedwa ndi mtsempha womwe umadutsa m'mphepete mwa chikhatho, mbali ya kachala kakang'ono. Mukautsamira nthawi yaitali dzanja litapindikira m'mbuyo, dzanzi limabwera. Chikakhala chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira, ndiye kuti mwapanikiza wina wodutsa pakati pa chikhatho. Mankhwala oyamba ndi omwe tachita kale, kuchotsa katundu pa manja. Achiwiri ndi kakhalidwe ka ma hoods. Pamwamba pa handulo ndi pamwamba pa hood papange mzere umodzi wogona kapena wokwera pang'ono, kuti dzanja ligwire lili lowongoka ngati mukupereka moni. Bawuti yake ili pansi pa labala. Pindani labalayo muipeza, nthawi zambiri ndi ya Allen key ya 5.

Mwati ndi dzanja lamanzere lokha. Goneketsani ndodo yowongoka pa ma hoods onse awiri muyang'ane muli kutsogolo kwa njinga. Njinga yomwe inagwapo imakhala ndi hood imodzi yotsika kapena yokhotera mkati, pena handulo yeniyeniyo yopindika. Handulo ya aluminiyamu yopindika musaiwongole, isintheni. Komanso dzanja lamanja limayendayenda posintha magiya akumbuyo pomwe lamanzere limangokhala malo amodzi. Handuloyi ili ndi pogwira patatu, pamwamba, pa ma hoods ndi pansi pokhota paja. Muzisintha mphindi zingapo zilizonse.

Yezaninso kukula kwa handulo, pakati pa paipi mpaka pakati pa inzake, muyerekeze ndi mapewa anu kuchoka pa fupa lakunsonga mpaka linzake. Felemu ya 56 imabwera ndi handulo ya masentimita 42, pena 44, pomwe inu mwina ndi wa 40. Yotambalala kwambiri imapinditsa manja ndi kulemetsa pakati pa mapewa. Tepi ya handulo ikakhala yakutha, ikani yatsopano, ndipo pansi pake mutha kuyala kachidutswa ka chubu chakale pomwe chikhatho chimakhala. Dzanzi likamagona mpaka mawa lake, kapena mukuvutika kumanga mabatani ndi kutembenuza kiyi, siyani kaye njinga mukaonane ndi achipatala.

Khosi likhala bwino handulo ikakwera ndi kuyandikira. Chotsani kadenga kapulasitiki kakutsogolo kwa helimeti ngati ndi ya mountain bike ija, chifukwa kamakukakamizani kukweza mutu kuti muone msewu. Magalasi otsetserekera pamphuno amachitanso zomwezo. Weramani kuchokera m'chiuno, osati kupinda msana pakati, ndipo chikwama chakumsana chisiyeni kunyumba pa maulendo aatali.

Chishalo chasiponji

Musagule. Chimakoma mphindi khumi zoyambirira. Kenako mafupa okhalira amamira mu siponji, siponji yotsalayo n'kukwera kudzadina pakati, pomwe pamadutsa mitsempha ndi magazi opita kumaliseche. Chotambalala chimakhulanso ntchafu, chifukwa pa njinga iyi mumakhala chowerama ndipo miyendo imazungulira mwachangu. Chishalo chabwino ndi cholimbirako, chokwana mafupa anu.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Ikani chidutswa cha katoni pa sitepe ya simenti, khalanipo mutavala kabudula wopyapyala, weramirani kutsogolo pang'ono, kwezani zidendene, khalani theka la mphindi. Mupeza maenje awiri. Yezani pakati pa lina mpaka pakati pa linzake, onjezerani masentimita awiri. Mukapeza 12, mukufuna chishalo cha masentimita 14 pomwe chatambalala kwambiri. Zambiri zimakhala pafupi ndi mamilimita 130, 143 ndi 155, ndipo njinga za mpikisano zakale zimakonda kubwera ndi chopapatiza. Ngati chanu chili chochepa, mafupa amalendewera m'mbali ndipo mukukhalira mnofu wapakati. Amayi ambiri amafuna chotambalalako, koma nawonso ayeze, asangoganizira. Chiyang'aneninso muli kumbuyo: chakaunjika chimatha kukhala chophwa mbali imodzi kapena chopindika waya, ndipo chimenecho chimapweteketsa bondo limodzi ngati lanulo.

Dzanzi la kumaliseche si chinthu chochitira manyazi kapena chopirira. Likabwera imirirani pa mapedulo nthawi yomweyo, ndipo mukafika kunyumba onaninso kutalika ndi kupendekeka kwa chishalo. Likapitirira, funani chishalo chokhala ndi mpata pakati. Ngakhale zonse zili bwino, muziimirira masekondi 20 pa mphindi 10 kapena 15 zilizonse kuti magazi ayende.

Ndalama ya siponjiyo gulirani kabudula wa njinga wokhala ndi kansalu kofewa pakati. Mukhoza kumupeza pa kaunjika mukafufuza modekha. Amavalidwa popanda kabudula wamkati, chifukwa misoko ya wamkatiyo ndi yomwe imacheka khungu thukuta likabwera. Akugwireni bwino, asakhwepe. Pakani Vaseline pang'ono pomwe pamakhulana, muvuleni mukangofika, sambani, mumuchape ndi sopo tsiku lomwelo n'kumuyanika padzuwa. Kachithupsa kakatuluka pumani mpaka kapole, musakafinye.

Matayala, magiya ndi mabuleki

Tayala la 23, ndiko kuti lotambalala mamilimita 23, lopopedwa mpaka kuuma gwa limatumiza chigamba chilichonse cha phula, hampu iliyonse ndi timizere togwedeza ta pa ma trading centre m'manja ndi m'matako mwanu. Nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala ndi malire, si yoti muzifika. Pa makilogalamu 74, tayala la 23 likhale pa 90 mpaka 95 psi (muyeso wa mpweya pa geji ya pampu) kumbuyo, kutsogolo muchepetse ndi 5. Koma ngati pali ndalama yoti iwonongeke pa njingayi, ipite ku matayala a 25 kapena 28. La 25 limayenda bwino pa 80 mpaka 85, la 28 pa 65 mpaka 75, ndipo liwiro simutaya pa misewu yathuyi. Onani kaye mpata: pazitsala mamilimita osachepera anayi pakati pa tayala ndi felemu, foloko ndi buleki. Njinga zambiri zakale zimathera pa 25.

Mukachepetsa mpweya mopitirira, limu imatsina chubu mukagunda dzenje, ndipo mupeza timabowo tiwiri toyandikana. Matayala owonda amataya mpweya tsiku ndi tsiku, choncho pampu yokhala ndi geji ndi yofunika kunyumba. Valavu yake ndi yowonda, ya Presta. Pa filling station sikwana popanda ka adapter, ndipo kompuresa imadzaza tayala laling'onoli m'kanthawi kochepa kwambiri. Pa hampu ndi pa phula lokumbika, dzukani pa chishalo, mapedulo pa mzere umodzi, mawondo ndi zigongono zopindika.

Bondo limapwetekanso ndi giya. Ambiri ochoka pa njinga zolemera amakonda kukankha giya yolimba pang'onopang'ono, poganiza kuti ndiko kulimbitsa thupi. Pa njinga iyi miyendo izizungulira ka 80 mpaka 90 pa mphindi. Werengani kukwera kwa bondo limodzi pa masekondi 15: mupeze 20 mpaka 22. Yang'anani manambala pa magiya akutsogolo. Akakhala 53 ndi 39, ndipo lalikulu lakumbuyo ndi la mano 25 kapena kucheperapo, zitunda zikuvutani. Funsani makaniko ngati chosinthira magiya chanu chingalole la 28. Pondani ndi chotupa cha kuseri kwa chala chachikulu chili pamwamba pa chitsulo cha pedulo, osati ndi pakati pa phazi. Nsapato zomatirira ku pedulo zidikire mpaka bondo litapola, ndipo mukadzafika apo yambani ndi ma cleat, tizidutswa tapansi pa nsapato tokolera ku pedulo, olola phazi kusewera, monga achikasu a Shimano omwe amalola madigiri 6. M'mawa wa Juni ndi Julayi, mwera ukuwomba, valani zofunda mawondo.

Chinthu china chomwe simunafunse: dziwani buleki yakutsogolo ili dzanja liti. Njinga zochokera ku UK ndi ku Japan zimakhala nayo kumanja, za ku America ndi maiko ambiri a ku Ulaya kumanzere. Ngati yasiyana ndi mountain bike yanu, sinthitsani mawaya, chifukwa pa ngozi dzanja limachita zomwe linazolowera.

Ulendo wa ku Salima

Palasani katatu pa sabata, mphindi 45 mpaka ola limodzi, modumphitsa tsiku. Sinthani chinthu chimodzi, mupalase maulendo awiri kapena atatu, mulembe zomwe mwamva, kenako chinanso. Chokhacho chomwe mungachite lero lomwe pamodzi ndi kuwongola mphuno ya chishalo, kuchibweza pakati pa mawaya ake ndi kukweza sentimita yoyamba ija. Bondo likasiya kuwawa, ulendo wa Loweruka muziwonjezera mphindi 15 kapena 20 sabata iliyonse. Msewu wa ku Mchinji kulowera ku Namitete ndi wa ku Bunda ndi abwino poyeserera, bola kulawirira magalimoto asanachuluke. Ngati patatha masabata awiri mutakonza zonsezi bondo likuwawabe pokwera masitepe, kapena latupa, kapena likugwira, pitani kuchipatala akakuoneni a physiotherapy.

Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Salima pa M14 ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo mumatsika kuchoka pa mamita opitirira 1,000 kupita kufupi ndi nyanja yomwe ili pansi pa mamita 500. Musanyengeke kuti ndi mtsetse wokhawokha: muli zitunda zambiri musanayambe kutsikadi. Musanapite mukhale mutapalasapo maola atatu kapena kuposerapo popanda dzanzi, chifukwa zolakwika zazing'ono zimaonekera ola lachiwiri likadutsa. Masabata awiri omaliza musasinthe kanthu pa njinga. Pa mtsetse gwirani pansi pokhota paja, pomwe zala zimakoka buleki ndi mphamvu ndipo dzanja silingadumphe mukagunda dzenje. Ngati zala sizifika bwino, zogwirira zambiri zatsopano zili ndi kabawuti kobweretsa chogwiriracho pafupi. Gwirani mabuleki onse awiri mwamphamvu n'kusiya, osati kuwakhulitsa njira yonse, chifukwa limu imatentha. Dzuwa la Okutobala kumusi kuja si la masewera: nyamukani kukungocha, tengani mabotolo awiri, muzimwa theka la lita kapena kuposerapo pa ola, mudye kanthu ka mchere panjira.

Za kugulitsa, dikirani mwezi umodzi mutachita izi. Muigulitse kapena kusinthanitsa ndi ya 54 kapena 52 ngati chimodzi mwa izi chachitika: mukaima mutaikwera pakati, paipi yapamwamba ikukugundani popanda mpata wa masentimita awiri, chishalo chili pa msinkhu woyenera koma paipi yake yangotuluka pang'ono kwambiri, kapena mwaika stem ya 80 yoloza m'mwamba koma zigongono zikadali zowongoka ndipo manja akuthawabe pa ma hoods. Zikatero musaonongenso ndalama pa stem ya 60. Chotsani matayala atsopano ndi chishalo chomwe chakukwanani, bwezeranipo zakale, ndipo pokaona njinga ina mutenge tepi ndi miyeso yanu, mukayeze musanapereke ndalama.